Nyumba ya Anti Mooi

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndaiona. Yapansi, yopanda masitepe, kupatula kachitunda kamodzi pakhomo. Zipinda zitatu. Kumbuyo mtengo wa mandimu, kutsogolo maluwa m'zitini mpaka pageti. Kamsewu kachete kuseri kwa msika, mu Ipoh momwe muno, basi imodzi kukafika kuntchito.

Wandilozera ndi wodwala wanga, ndikumulumikiza ku makina otsuka magazi. Akuti pali gogo wina akugulitsa nyumba ndipo safuna kumva za ma ejenti.

Gogoyo ndi Anti Mooi. Wamasiye, wamfupi, tsitsi lometa ngati la mwamuna, zaka zayandikira makumi asanu ndi atatu. Ataona yunifolomu anangoti, "Misi, vulani nsapato, ndakolopa kumene." Dzina ndinawauza kuti ndine Thilaga, koma ndi Misi basi, monga odwala amatiitanira ife anamwino muwodi.

Mtengo sanafune kukambirana. "Sindikweza, sinditsitsa. Changa n'chimodzi, mufulumire."

Appa, bambo anga, sanapite nawo. Mawondo. Chaka chino chiyambire sanatsikepo ndi miyendo yawo pansanjika yachinayi ino. Tsiku lopita kuchipatala anthu a sitolo yapansi amawanyamula pampando ngati fano la kukachisi, iwo nkhope gwa, osalankhula mpaka madzulo. Masiku ena onse ndi pawindo, kuonerera mabasi. Munthu amene anakalambira panjanji, kuchokera ku Butterworth mpaka ku Gemas.

Chondizunguza mutu: pochoka ndawasiya Anti akuwokera tsabola m'zitini zatsopano. Wogulitsa nyumba amawokera tsabola? Ndinafunsa kumene asamukire. "Pafupi." Basi.

Lachisanu, 7 Malichi

Kwa loya. Puan Rosnah, kaofesi pamwamba pa sitolo ya matiresi. Mayi wonenepa, magalasi pamphuno, mafayilo mpaka pansi pa desiki. Akusala kudya, ndi mwezi wawo Asilamu, koma anandiitanitsira tiyi. Nditakana anati, "Imwani, ine fungo likundikwanira."

Amafotokoza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kudya nsomba ya minga. Choyamba afufuza ku ofesi ya malo ngati nyumbayo ilidi ya Anti, ndiponso ngati palibe banki kapena munthu wina waigwira mwendo. Kenako pangano, ine ndipereka gawo lakhumi la mtengo. Kenako miyezi itatu yoti banki imalize zotsala. Sindimadziwa kuti nyumba imafunsidwa mbiri ngati mkwatibwi.

Ndinapita ndi chimwemwe changa: ndinamva kuti ogula nyumba koyamba salipira msonkho wa chidindo. Anandifunsa ngati ndinakhalapo ndi nyumba m'dzina langa. Ndinati ayi. "Ngakhale theka?" Ndinakumbukira. Kafulati kaja tinagula ndi Selvam, kamene tinagulitsa banja litatha. Sindinagonemo ngakhale zaka ziwiri.

"Ndiye mulipira wonse," anatero. "Eni ake amaiwala ukwati, boma siliiwala."

Selvam akundilumabe m'thumba zaka zonsezi. Ndaseka ndekha mubasi. Ulendo wa ku Madurai ndauika pambali, zibangili ziwiri za Amma, mayi anga, zipita kwa wosula golide.

Chinanso anachinena kawiri: "Ine ndine loya wanu, osati wa Anti. Iwo alibe loya, ndiye ndiyenda nawo mosamala kuposa inu." Sindinamvetse kuti kusamalako n'kwa chiyani.

Lachitatu, 19 Malichi

Tasaina. Banki inavomera ngongole yanga Lolemba. Ku ofesi ya malo zonse zoyera: dzina la Anti lokha, ngongole palibe, malo ndi amuyaya, osati obwereka kuboma. Msonkho wa nthaka ndi wa pakhomo analipira kale mpaka kumapeto a chaka. Wa phindu salipira, akhalamo nthawi yaitali, ngakhale mapepala ake ndi omwewo. Puan Rosnah akuti wogulitsa wotere amabwera kamodzi pachaka.

Anti anabwera atavala bulauzi ya maluwa, makiyi pachingwe m'khosi. Asanasaine, Puan Rosnah ananditulutsa, n'kutsala awiri. Ndinakhala pabenchi kunja, khutu kukhomo, osamva kanthu koma Anti kuseka. Pambuyo pake ndinafunsa kuti amakambirana chiyani. "Ndimafunsa ngati pali wina akuwakankha. Ati inde, imfa." Anaseka, koma anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali.

Anti amasaina pang'onopang'ono, lilime pakati pa mano, chilembo chilichonse ngati akusoka batani.

Ndamuuza mwini fulati kuti tituluka kumapeto kwa Julayi. Anasangalala msanga kwambiri. Ali ndi mphwake wofuna malo.

Appa: "Wagula? Chabwino." N'kubwerera kuwindo.

Loweruka, 22 Malichi

Ndinapita kukayeza zitseko, ndione ngati njinga ya olumala ingadutse tsiku likadzafika. Ya kubafa ndi yopapatiza.

Zimene ndaona, ndizilembe:

Kukhitchini kulibe gasi. Chitofu chilipo, paipi yachotsedwa. Amaphikira mpoto wa magetsi wa mpunga, wozima wokha. "Ndinachotsa ndekha," anatero, ndisanafunse.

Anandipatsa khofi. Ndisanamalize, anabwera ndi wina, n'kudabwa kuona kapu m'manja mwanga. "Mwadzipangira nokha? Mwachita bwino, nyumba ndi yanu."

Anandifunsa ngati ndili ndi ana. Ndinati ayi. Tikuyeza chitseko cha kumbuyo, funso lomwelo. Pageti, lomwelonso.

Mwana ali naye mmodzi, Chee Hoong, amagwira ntchito ku Singapore. Chithunzi chake chili pamwamba pa TV. Ndinafunsa ngati wasangalala ndi za kugulitsazi. Anti anayamba kuthyola mandimu n'kumaika m'chikwama changa.

Ndine namwino. Zoterezi ndimazidziwa. Komanso ine amene dzulo ndinaika foni mufiriji, ndani angandiyeze?

Loweruka, 5 Epulo

Foni ndili pantchito. Mwamuna, mawu aulemu koma onjenjemera. Chee Hoong. Wabwera kudzalambula manda a bambo ake, ndi nyengo yake, ndiye woyandikana nawo nyumba wamufunsa kuti amayi asamuka liti. Samadziwa kalikonse. Ananditchula Akka, achemwali m'chinenero chathu.

"Akka, ndinu namwino eti? Mwakhala nawo maola angati osaona kuti mayi anga sali bwino? Kapena mwaona, n'chifukwa chake mwathamanga?"

Ndinati mtengo anatchula okha. Anati mtengo si nkhani. Anati usiku wathawu amayi ake anamuitana dzina la malume ake amene anamwalira kalekale.

Wodwala wa pabedi lachiwiri anachita kundikumbutsa kuti makina akulira.

Lachitatu, 9 Epulo

Puan Rosnah anandiitana yekha, sanadikire kuti ndimve kwina. Chee Hoong wakaika chiletso ku ofesi ya malo. Akuti anamanga ndi ndalama zake khitchini ya kumbuyo, choncho ali ndi gawo, ndiponso amayi ake sanadziwe chimene amasaina. Chiletso chikakhalapo dzina silisintha, banki situlutsa kanthu.

Ndinafunsa kuti kapepala kamodzi kangaimitse bwanji zonsezi. Akuti n'kosavuta kuika, kovuta kuchotsa. Za khitchini sizingapite patali. Zinazo n'zimene zili ndi mano: khoti likapeza kuti Anti sanali ndi nzeru zokwanira tsiku losaina, pangano lafa. Ndalama zanga zingabwerere, koma liti, palibe akudziwa. Tikhoza kukakamiza kuti chiletso chichotsedwe, iye n'kupita kukhoti, ife n'kumakalamba.

"Ndisakunamizeni kuti zitha mawa," anatero. "Chimene ndikulonjeza n'chakuti Lachisanu lililonse ndizikuimbirani, kaya pali nkhani kaya palibe. Ndipo kwa Anti musapiteko."

Pamasitepe ndinakhala pansi. Wa matiresi anafunsa ngati ndikufuna kuyesa imodzi.

Julayi tigona kuti? Ndamuimbira mwini fulati. Mphwake wagula kale makatani.

Appa atamva anati, "Mkangano wa mayi ndi mwana, mlendo amatulukamo ndi bala." Ndinawakalipira. Ndinati zonsezi ndikuchitira mawondo a ndani? Tosai wawo, chikondamoyo cha mpunga, anamusiya theka.

Lamlungu, 13 Epulo

Sindinapite mwakufuna kwanga, Anti anandiitana. "Misi, mandimu akugwa okha, bwerani." Chee Hoong anabwerera kuntchito Lachinayi.

Anandikhazika kukhitchini n'kutseka chitseko, ngakhale m'nyumba munalibe wina. Anati andiuza kamodzi, ndimvetsere, chifukwa mawa mwina sadzaikamba bwino.

Akudziwa. Adokotala anawauza chaka chatha, atasochera pobwera kumsika umene akhala akupitako moyo wawo wonse. Matenda a kuiwala, ali poyambira. Mayi awo anadwala omwewo, ndipo anawasamala ndi iwo, m'nyumba yomwe ino, mpaka kumawamangirira pampando ndi nsalu kuti asathawe. "Ndinawakonda, Misi. Koma kumapeto ndinkapempha kuti afe. Sindikufuna mwana wanga adzapemphe pemphero limenelo."

Ndinati Chee Hoong akuoneka mwana wabwino. "Ndilo vuto lake. Woipa akanandisiya. Uyu asiya ntchito, kapena anditengera m'kachipinda kake kumwamba kuja, mkazi wake n'kumandisambitsa akulira."

Anapeza malo okha. Nyumba ya okalamba ya pafupi ndi kachisi wa kumapanga, komwe kuli mnzawo wa kusukulu. Anapitako, analawa chakudya, anayang'ana mabafa, anafunsa amene amasintha matewera usiku. Ndalama ya nyumbayi ndiyo idzalipire kumeneko mpaka mapeto. Anafunsanso kwa odziwa: akadzafika posazindikira, nyumba singagulitsidwe popanda khoti. "Ndiye ndati ndisaine ndikadalidziwa dzina langa."

Tsabola uja? Apita naye. Kuli kakhonde.

Ndinafunsa kuti bwanji osangomuuza mwanayo. Anayang'ana chithunzi cha pa TV kudzera pachitseko chotseka, ngati akuchiona. "Inu munayamba mwamuuzapo munthu kuti uyambe kundilira ndikadali moyo?"

Anandipempha kuti ndisauze munthu. Sindinalonjeze, sindinakane. Ndabwera ndi mandimu odzaza chikwama.

Lolemba, 14 Epulo

Tsiku lonse mutu uli pawiri. Ndikakhala chete: Puan Rosnah alimbana ndi chiletso, mwina tipambana, Appa atsika. Ndikanena: ndapereka ndekha mpeni kwa Chee Hoong. Pali dokotala, pali dzina la matenda, zonse zinalipo tisanasaine.

Komanso ndikufuna kudziwa. Lamulo limati chiyani za munthu amene akuiwala kapu ya khofi koma waganiza za moyo wake kuposa ine? Ali ndi nzeru kapena alibe? Amayeza ndi chiyani?

Ndalakwitsa kulemba sikelo ya wodwala. Sister wandiyang'ana.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ndanena.

Puan Rosnah anavula magalasi n'kupukuta nthawi yaitali. "Ndinati musapiteko." Kenako: "Mwachita bwino kundiuza, ngakhale mwandiwonjezera ntchito. Chinthu chotere chikatulukira kukhoti osati muno, tonse tikanapsa."

Ndinafunsa funso langa lija. Akuti lamulo silifunsa ngati munthu amaiwala. Limafunsa ngati pa ola losainalo ankadziwa chimene akugulitsa, kwa ndani, pamtengo wanji, ndiponso kuti akatero nyumba si yawonso. Munthu akhoza kuiwala tsiku la sabata n'kumadziwa zonsezo. Wina akhoza kukumbukira masiku onse obadwa a zidzukulu koma osadziwa chimene wasaina. Tsiku lija atanditulutsa anawafunsa zimenezi, ndipo anayankha bwino. Koma mawu a loya wa wogula okha sakwanira.

Zofunika: dokotala wawo anene mmene analili m'Malichi. Anti akhale ndi loya wawowawo, wosadya nafe. Ndipo mwana auzidwe, ndi pakamwa pa mayi ake.

"Dokotala akati ayi?" ndinafunsa.

"Ndiye nyumbayo simuifuna, ngakhale panopa mukuona ngati mukuifuna."

Ndinawaimbira Anti kuwauza kuti ndaulula. Anati: "Anamwino pakamwa posatseka." Anadula. Patapita kanthawi anaimbanso kufunsa kuti loya winayo amupeza kuti.

Lachisanu, 18 Epulo

Puan Rosnah waimba. Palibe nkhani. Waimbabe.

Lachisanu, 2 Meyi

Tonse muofesi, mipando yobwereka kwa wa matiresi. Anti ndi loya wawo, bambo wa ndevu zoyera wosalankhulalankhula. Chee Hoong wabwera pabasi, maso ofiira, malaya okwinyika. Wamng'ono kuposa mmene ndimaganizira. Sanandiyang'ane.

Dokotala walemba kuti matenda alipo, ali poyambira, ndipo m'Malichi komanso sabata ino Anti amamvetsa bwino za katundu wawo. Koma Anti sanalole kuti chiwerengedwe kaye. "Ndinena ndekha, si maliro ano."

Ananena m'chinenero chawo, ine ndinangotola apa ndi apo. Sindinafunikire kumva. Ndinaona nkhope ya mwana ikusweka pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira m'Chimalaya, chinenero cha dziko lino, mwina kuti tonse tikhale mboni.

"Ma, chaka chathunthu. Ndimaimba Lamlungu lililonse. Bwanji osandiuza?"

"Ukanalira mmene ukuliramu, ine n'kugonja."

Anayesabe. Anawafunsa kuti lero ndi lachingati. Sanadziwe. Anawafunsa chimene anadya m'mawa. Anati, "Zimenezo ufunse mimba." Ndiye anandiloza ine: uyu ndi ndani? Sananditchulepo dzina chiyambire.

"Thilagavathi, mwana wa a Perumal a kunjanji. Namwino wa impso. Akugula nyumba yanga chifukwa bambo ake sangakwere masitepe. Akamaliza kulipira ine ndituluka, ndipo sindidzakhalanso ndi ufulu ngakhale wothyola ndimu. Ukufuna ndikuuzenso mtengo, kapena wakhuta?"

Bambo wa ndevu anatsokomola kubisa kuseka.

Chee Hoong sanachotse chiletso. Anati akufuna nthawi. Anatuluka osatsanzika, kenako anabwerera kudzawagwira mkono amayi ake pamasitepe.

Loweruka, 10 Meyi

Ndabwera kuchokera kuntchito masana, ndapeza nsapato zachilendo pakhomo. Chee Hoong ali pampando wanga, Appa akumuthirira tiyi. Akuti amafuna aone ngati za masitepe zinali zoona. Anafika pamwamba akupuma ngati galu, ndiye Appa anamuseka, n'kuyamba kucheza.

Chee Hoong anapita kukaona nyumba ya okalamba ija. Akuti ndi yaukhondo, ndipo zimenezo zamupweteka kwambiri. Amafuna apeze cholakwika.

Anafunsa Appa, osati ine: "Ankolo, inu mukanakhala ine mukanatani?"

Ndinali kukhitchini, ndinamva zonse. Appa anati sakudziwa za kukhala mwana, anaiwala. Akudziwa za kukhala nkhalamba. "Mwana wanga uyu amandisankhira mankhwala, malaya, ola logona. Wandigulira nyumba imene sindinaionepo. Ndi chikondi, sindikukana. Koma chikondi chimalemera, mwana wanga, ukakhala kuti ndiwe wonyamulidwa. Mayi ako asankha chinthu chimodzi okha. Mwina ndi chomaliza."

Ndinaima ndi supuni m'manja. Miyezi iwiri. Ndayeza zitseko, ndagulitsa zibangili za Amma, ndakalipa. Kufunsa kuti Appa, mukufuna kusamuka? Sindinafunsepo.

Mlendo atapita ndinafunsa. Anati, "Ndiyambe ndaiona."

Lamlungu, 11 Meyi

Anawatsitsa ndi Chee Hoong, kumsana, osati pampando. Appa akulamula njira yonse ngati ali pa injini: pang'ono, khota, ima. Galimoto yobwereka kwa msuweni wake.

Pageti Anti anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ndinu a mawondo aja." Appa: "Ndiye ndinu a mutu uja." Ine ndi Chee Hoong tinauma. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

Anayenda nyumba yonse ndi ndodo, okha, osagwiridwa. Anagogoda makoma. Anati denga la kukhitchini likudontha pakona, amene anamanga anaba simenti. Chee Hoong anati anamanga ndi iye. "Ndiye uchotse chiletso chako, usanachite manyazi kukhoti."

Anasankha chipinda cha kutsogolo, osati chimene ndinawakonzera m'mutu mwanga. Akuti akufuna kuona msewu.

Pobwerera anagona m'galimoto, kukamwa kuli yasa.

Lachisanu, 16 Meyi

Puan Rosnah: chiletso chachotsedwa. Anawonjezera kuti masabata atayikawa Anti avomera kuti asawerengedwe, loya wawo walemba, ndiye chiwongoladzanja cha kuchedwa palibe. Ndinalira pafoni. Anadikira ndimalize, kenako anati msonkho wa chidindo ukudikirabe, misozi salandira.

Lachinayi, 12 Juni

Banki ikufuna pepala limene ndinapereka kale. Ndaperekanso. Makatoni ponseponse. Appa akukana kutaya mabuku a nthawi za sitima a zaka zamakedzana. Sindinalimbane nawo. Ndikuphunzira.

Chee Hoong amabwera sabata ziwiri zilizonse tsopano, kulongedza ndi amayi ake. Wanditumizira chithunzi: Anti atakhala pakati pa makatoni, chipewa cha malemu amuna awo kumutu.

Loweruka, 5 Julayi

Makiyi. Anti anavula chingwe m'khosi n'kundiveka okha, pamaso pa Puan Rosnah, amene anati zimenezo m'pangano mulibe koma walola.

Anandionetsa pobisika pa mita ya madzi, ndi zenera limene limafuna kumenyedwa kaye. Anandiuza kuti mphaka wa chikasu si wawo koma amadya pano. Anandiuzanso za mphakayo. Kachitatu Chee Hoong anawagwira paphewa, n'kusiya.

Sanatembenuke polowa m'galimoto. Zitini za tsabola pampando wa kumbuyo, atazimanga lamba.

Dzina langa lili pa chikalata cha nyumba. Ndaliwerenga mobwerezabwereza ngati la munthu wina.

Lamlungu, 27 Julayi

Appa ayenda mpaka kumsika ndi ndodo. Abwera ndi nsomba imene sitimadya, chifukwa wogulitsa anali mwana wa mnzawo wa kunjanji. Chitseko cha kubafa sindinakulitse. Akuti ndidikire afe kaye miyendo.

Denga likudonthadi.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Ndabwera kuchokera ku shifiti ya m'mawa, geti lotsekula. Pakhonde anthu awiri, makapu awiri. Appa ndi Anti Mooi.

Anti avala bulauzi yabwino, chikwama pamiyendo, masilipasi osiyana. Appa anandipatsa diso lakuti khala chete. Pambuyo pake, kukhitchini, anandinong'oneza: Anti anatsika pa takisi chakum'mawa, analipira bwinobwino, n'kuyamba kufunafuna makiyi m'khosi. Atawaona Appa pakhomo anafunsa ngati abwera kudzakonza denga. Appa anati inde. Akhala akukambirana za denga kuyambira pamenepo.

Ndaimba ku nyumba ya okalamba. Amawafunafuna kumapanga ndi kumsika, mayi wa pafoni anali pafupi kulira. Ndati ali bwino, ali kuno. Ndamuimbira Chee Hoong. Anafunsa ngati adya. Akwera basi ya masana. A kunyumbako akuti atumiza galimoto ikabwera kuchipatala.

Nditatuluka ndi mpunga, Anti anandiyang'ana yunifolomu, n'kumwetulira mwaulemu, ngati kwa mlendo.

"Misi, mwabwera kudzaona nyumba? Pepani, mwavutika chabe. Sindikugulitsa. Mwana wanga anabadwira muno."

Chikalata chili m'kabati, chidindo cha boma, dzina langa. Ndinatsegula pakamwa. Appa anandiponda phazi ndi ndodo.

Ndinati, "Chabwino, Anti. Ndangodutsa."

"Ndiye khalani mudye. Vulani nsapato."

Ndavula. Ndadya pakhonde langa ngati mlendo, iwo akundiwonjezera ndiwo. Panopa agona pampando wa Appa, pakamwa pang'ono potsegula, mphaka pamapazi. Appa akhala pageti ndi ndodo kuti galimoto ikafika isalize hutala. Andiuza kuti akadzuka, ndisawauze kanthu, ayamba ndi iwo kulankhula. Sindikudziwa kuti adzati chiyani. Sindinawafunse, ndangowatulutsira mpando wina.